Masetilaiti a Zanyengo: Momwe Amayezera Mitambo, Chinyontho ndi Mphepo

Mukamva pa wailesi kuti mawa kugwa mvula yamabingu m'madera okwera a m'chigawo cha kummwera, uthengawo umakhala utachokera ku nthambi ya boma yoona za nyengo, yomwe likulu lake lili mumzinda wa Blantyre. Akatswiri a kumeneko amadalira zinthu zitatu: miyezo yochokera m'malo oyezera nyengo monga Chichiri, Chileka ndi Bvumbwe, zithunzi za masetilaiti, komanso makompyuta amene amawerengera momwe mpweya uyendere m'masiku akubwerawa. Tsamba lino likufotokoza za masetilaitiwo. Cholinga n'chakuti mlimi adziwe pamene angawadalire ndi mtima wonse, ndi pamene ayenera kutenga khasu n'kukadzionera yekha m'munda.

Setilaitiyo ili kuti?

Setilaiti ya zanyengo ndi makina okhala ndi makamera amene anatumizidwa m'mwamba kuti azizungulira dziko lapansi. Amene amayang'ana Africa usana ndi usiku amatchedwa Meteosat, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la mayiko a ku Ulaya la EUMETSAT, lomwe lili ku Darmstadt m'dziko la Germany. Meteosat yoyamba inaulutsidwa mu 1977.

Masetilaiti amenewa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Pamtunda umenewu setilaiti imamaliza ulendo wake wozungulira m'tsiku limodzi, mofanana ndi momwe dziko limatembenukira, choncho kwa ife imakhala ngati yangoima pamalo amodzi. N'chimodzimodzi ndi setilaiti ya kanema. Mukaimika dishi padenga ku Ndirande kapena ku Bangwe, simuitembenuzanso chifukwa chomwe ikuyang'anacho sichisuntha. Ndipotu zithunzi za Meteosat zimafika m'maofesi a zanyengo a mu Africa kudzera pa dishi yofanana ndi yomweyo.

Meteosat zakale pang'ono zimajambula dziko mphindi 15 zilizonse. Yatsopano, yomwe inaulutsidwa mu Disembala 2022 ndipo imatchedwa Meteosat-12, imajambula mphindi 10 zilizonse, komanso ili ndi kamera yapadera yowerenga kung'anima kwa mphenzi. Palinso Meteosat ina yomwe inaikidwa chakum'mawa kuti iziyang'anira nyanja yamchere ya India, komwe kumachokera anamondwe.

Gulu lina la masetilaiti, monga Metop, limayenda pafupi, pamtunda wa makilomita 800 ndi pang'ono, ndipo limazungulira dziko maulendo 14 patsiku kudutsira kumpoto ndi kummwera kwenikweni. Awa amaona bwino chifukwa ali pafupi, koma setilaiti imodzi imadutsa pamwamba pa Malawi kawiri kokha patsiku. Mvula yamabingu ikhoza kuyamba, kugwa n'kukata asanabwerenso.

Mitambo

Masana kamera imajambula mitambo ndi kuwala kwa dzuwa, monga momwe maso athu amaonera. Mtambo wochindikala umaoneka woyera kwambiri. Usiku kamera yotere ilibe ntchito, choncho pali ina yoyeza kutentha komwe chinthu chilichonse chimatulutsa, kotchedwa infrared. Ndi kutentha kuja mumakumva mukayandikira khoma la njerwa dzuwa litalowa kale. Nthaka imatulutsa kutentha kwambiri, pamene nsonga ya mtambo imatulutsa pang'ono chifukwa ndi yozizira.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu akamakwera m'mwamba, kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa kilomita iliyonse. Nchifukwa chake ku Limbe kumazizira kuposa ku Chileka, ndipo ku Chileka kumazizira kuposa ku Nchalo. Tsono setilaiti ikayeza kuzizira kwa nsonga ya mtambo, katswiri amadziwa kutalika kwake. Ngati pansi pali madigiri 25 koma nsonga ya mtambo ili pa madigiri 60 pansi pa ziro, mtambowo wakwera makilomita pafupifupi 13. Mtambo wotalika chonchi ndi uja timauona masana a mwezi wa Disembala utatukumuka ngati chulu, wakuda kunsi, ndipo ndi umene umabweretsa mvula yamphamvu, ziphaliwali, mphepo yosasula madenga, nthawi zina ndi matalala. Katswiri akaona nsonga ikuzizira mofulumira pa zithunzi zotsatizana, amadziwa kuti mtambowo ukukula ndipo akhoza kuchenjeza anthu kwatsala ola limodzi kapena awiri.

Kodi setilaiti imayeza mvula?

Meteosat siona dontho la mvula ngakhale limodzi. Imaona mtambo kuchokera pamwamba, ngati munthu amene akuona denga la nyumba koma sakuona zomwe zikuchitika m'katimo. Kuchuluka kwa mvula kumachita kuyerekezedwa.

Njira yodziwika bwino mu Africa muno ndi ya TAMSAT, ya ku yunivesite ya Reading ku England. Amawerenga maola amene mtambo wozizira kwambiri wakhala pamwamba pa malo ena ake, kenaka amafananitsa maolawo ndi mvula yomwe inapezeka m'zoyezera zapansi m'zaka zambuyomu. Akatero amatha kunena kuti maola akutiakuti a mtambo wozizira, m'mwezi wakuti, m'dera lakuti, nthawi zambiri amapereka mamilimita akuti. Mbiri yawo ya mvula imayambira mu 1983. Njira inanso ndi ya CHIRPS, ya ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, yomwe mbiri yake imayambira mu 1981.

Njirazi zimagwira bwino ntchito pa mvula yamabingu, makamaka mukaphatikiza masiku 10 kapena mwezi wathunthu pa boma lonse. Pa tsiku limodzi ndi munda umodzi zimaphonya kawirikawiri, ndipo zifukwa zake ziyenera kudziwika.

Choyamba ndi chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpweya wozizira wachinyezi umabwera kuchokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone lomwe linapereka dzinali. Ukafika kumtunda kuno umakwera mapiri n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa yomwe imatha masiku awiri kapena atatu ku Thyolo, Bvumbwe, Chigumula ndi Limbe. Mitambo ya chiperoni ndi yotsika, ndipo nsonga zake sizizizira kwambiri. Njira yowerenga mitambo yozizira imaidumpha, n'kulemba kuti sikunagwe mvula, chikhalirecho chimanga chomwe munayanika pamkeka chanyowa. Kwa mlimi wa ku Blantyre iyi si nkhani yaing'ono. Chinyezi cha chiperoni ndicho chimabweretsa chuku m'chimanga ndi mtedza zosauma bwino, komanso chiwawu pa tomato ndi mbatatesi za kudimba. Akatswiri a zanyengo amachiona chiperoni chikubwera pa zithunzi zamasana ndi pa kayendedwe ka mphepo, ndipo amalengeza. Chomwe chimaphonya ndi mapu a kuchuluka kwa mvula.

Chachiwiri ndi mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri, ija imaoneka ngati nthenga. Ndi yozizira zedi koma sigwetsa mvula. Nthawi zina imawerengedwa ngati ya mvula, ndipo mapu amaonetsa mamilimita pamalo pomwe fumbi likuuluka.

Chachitatu ndi kukula kwa malo. Chithunzi cha setilaiti chimapangidwa ndi timadontho, ndipo pa mapu ambiri a mvula kadontho kamodzi kamaimira makilomita 4 kapena 5 mbali zonse. Makilomita 4 m'litali ndi 4 m'lifupi ndi mahekitala 1,600, ndipo minda yonse ya m'menemo imapatsidwa nambala imodzi. Mumzinda wa mapiri ngati Blantyre zimenezi sizikwanira. Malo oyezera a Chichiri ali pamtunda wa mamita oposa 1,100, a Chileka ali pansi pa mamita 800, ndipo Chileka imalandira mvula yocheperapo pachaka. Aliyense amene anakwerapo minibasi ku Limbe mvula ikukhuthuka n'kukatsika ku Lunzu kuli gwa akudziwa zimenezi popanda kuuzidwa.

Chinyontho cha mumpweya

Mtambo usanapangike, madzi amakhala ali kale mumpweya ngati nthunzi yosaoneka. Nthunziyi imameza mbali ina ya kutentha kochokera pansi n'kutulutsa kwakekwake, ndipo Meteosat ili ndi makamera oyang'ana kutentha kwa mtundu umenewo. Pa zithunzi zake, mpweya wachinyontho umaoneka wotuwa kapena woyera, mpweya wouma umaoneka wakuda. Ubwino wake ndi wakuti zimaonetsa zomwe zikuchitika ngakhale kumwamba kuli mbee, kopanda mtambo.

Ndi zithunzi zimenezi, pamodzi ndi za mitambo, akatswiri amatsatira magwero a mvula yathu. Gwero limodzi ndi mpweya wachinyontho wochokera ku Congo umene umalowa kudzera ku Zambia. Lina ndi mzere womwe mphepo zochokera kumpoto ndi zochokera kummwera zimakumana, umene umatsikira kuno m'dzinja n'kubwereranso kumpoto chakumapeto kwa nyengo. Mzerewu ukakhazikika pa Malawi timalandira mvumbi. Ukasuntha, mpweya wouma n'kulowa m'malo mwake, ndiye ng'amba ija imafotetsa chimanga pa nthawi ya ngaiyaye. Chigamba chakuda chikamakula pa chithunzi kuchokera kummwera, katswiri amayamba kukayika za mvula ya sabata yamawa.

Dziwani kuti chinyontho chomwe makamerawa amaona ndi cha m'mwamba, makilomita angapo kuchokera pansi. Si chinyezi chija chimagwa ngati mame pa masamba a nyemba zanu. Pofuna kudziwa chinyontho cha m'magawo osiyanasiyana a mpweya, akatswiri amaonjezera miyezo ya masetilaiti oyenda pafupi aja, omwe ena ali ndi zida zoona kupyola mitambo.

Masetilaiti ena amayerekezanso chinyontho cha m'nthaka, koma amangofika masentimita ochepa apamwamba, ndiponso pa dera lalikulu. Mizu ya chimanga imapita kutali kuposa pamenepo.

Mphepo

Mphepo sioneka, koma zomwe yanyamula zimaoneka. Kompyuta imasankha kachigawo ka mtambo pa chithunzi chimodzi, n'kukafunafuna pa zithunzi zotsatira. Ngati kasuntha makilomita 15 kulowera kumadzulo m'mphindi 15, ndiye kuti mphepo ya pamenepo ikuthamanga makilomita 60 pa ola kuchokera kum'mawa. Kuzizira kwa mtambowo kumasonyeza kuti mphepoyo ili pamtunda wanji. Kumene kulibe mitambo, kompyuta imatsatira mawanga a nthunzi. Miyezo yotere imatengedwa masauzande ambiri tsiku lililonse ndipo imalowetsedwa m'makompyuta olosera nyengo. Ndi yofunika kwambiri kwa ife chifukwa nyengo yathu yambiri imachokera panyanja yamchere, pomwe malo oyezera ndi ochepa.

Panyanja palinso njira ina. Setilaiti ya Metop imatumiza mafunde a radar pamadzi n'kumvetsera momwe akubwerera. Madzi abata amabweza pang'ono, madzi owinduka ndi mphepo amabweza kwambiri, ndipo kuchokera pamenepo liwiro ndi kolowera kwa mphepo zimadziwika.

Mphepo ya m'munda mwanu ndi nkhani ina. Imakhotetsedwa ndi phiri la Soche, la Ndirande, la Michiru kapena la Mpingwe, ndi zigwa za mitsinje ya Mudi ndi Likhubula. Setilaiti siingakuuzeni ngati m'mawa uno mungapopere mankhwala a ntchemberezandonda popanda kuulukira kumaso kwanu kapena m'munda wa mnzanu. Yang'anani masamba a mitengo ndi utsi wa pamoto.

Zomwe namondwe wa Freddy anationetsa

Namondwe wa Freddy anayamba kumayambiriro kwa Febuluwale 2023 panyanja ya pakati pa Australia ndi Indonesia. Anadutsa nyanja yonse ya India, anaomba Madagascar pa 21 Febuluwale, analowa mu Mozambique pa 24, anabwereranso panyanja, ndipo pa 11 Malichi analowanso kumtunda pafupi ndi Quelimane. Bungwe loona za nyengo padziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri.

Ulendo wonsewo unaoneka pa masetilaiti. Likulu lotsata anamondwe a chigawo chino lili pachilumba cha La Réunion, ndipo akatswiri ake amayeza mphamvu ya namondwe poona maonekedwe a mitambo, kuzizira kwa nsonga zake, ndi diso lomwe limatseguka pakati. Nthambi yathu ya zanyengo inachenjeza anthu a chigawo cha kummwera namondweyo asanafike. Pa ntchito yoona chinthu chachikulu chikubwera kuchokera kutali, setilaiti ilibe mnzake.

Komabe setilaiti sinanene kuti ndi mbali iti ya phiri yomwe igumuke. Mvula itagwa masiku angapo osakata, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Pa 13 Malichi boma linalengeza kuti m'chigawo cha kummwera mwagwa ngozi yaikulu, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kugumuka kwa phiri kumadalira kutsetsereka kwake, mitengo yomwe yatsalapo ndi madzi omwe nthaka yamwa kale, ndipo amene amadziwa bwino zimenezi ndi anthu okhala ndi kulima pomwepo. Chenjezo la namondwe likaperekedwa, wokhala m'munsi mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje asadikire kuti atchulidwe dzina la dera lake. Samukani msanga, ziweto ndi mbewu zosungidwa zipite pamalo okwera, ndipo pampu ndi mapaipi za kudimba zichotsedwe madzi asanafike.

Inshulansi yodalira setilaiti

Masiku ano kuli inshulansi ya mbewu yomwe salipira poyendera munda, koma poona kuchuluka kwa mvula komwe setilaiti yayerekeza. Ubwino wake ndi wakuti siichedwa ndi kuyendera minda. Koma nambala ya setilaiti imadutsa kaye m'mawerengero, ndipo mawerengerowo akhoza kusiyana ndi zomwe zili pansi.

Zinachitikapo m'dziko muno. Boma la Malawi linagula inshulansi ya chilala ya nyengo ya 2015/16 ku African Risk Capacity, bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa. Chilala chinagwadi ndipo anthu mamiliyoni anasowa chakudya, koma poyamba kompyuta inaonetsa kuti okhudzidwa ndi ochepa, moti ndalama sizinatuluke. Atafufuza anapeza kuti mawerengero anatengera mbewu ya chimanga yochedwa kucha, pamene alimi ambiri anadzala yocha msanga, yomwe ng'amba inaipeza pa nthawi yoipa. Atakonza, Malawi inalandira ndalama za ku America zokwana madola 8.1 miliyoni, koma mochedwa ndi miyezi yambiri.

Alimi otsogolera anzawo afunse mafunso awa gulu lisanalipire: mvula iziyezedwa ndi setilaiti kapena choyezera chapansi? Dera lathu layikidwa pamodzi ndi madera ati? Masiku owerengera ayamba liti ndipo atha liti? Ngati mbewu zapserera koma nambala ikuti mvula inakwana, tikadandaule kuti? Mayankho alembedwe papepala.

Kugwiritsa ntchito uthengawu m'munda

Ulosi wa nyengo yonse umatuluka mvula isanayambe, kawirikawiri mu Sepitembala, ndipo umathandiza posankha mbewu: yocha msanga kapena yochedwa, chimanga chokha kapena chophatikiza ndi nandolo, mbatata ndi chinangwa. Umanena za mwayi, osati lonjezo. Ulosi wa masiku ochepa ndiwo wodalirika kwambiri, ndipo ndi umene muyenera kumvera musanathire feteleza wobereketsa, musanapopere mankhwala, kapena musanayanike zokolola. Akalengeza mvula yamphamvu mawa, feteleza adikire, chifukwa pa minda yotsetsereka ya mumzinda uno akokoloka n'kukathera mumtsinje. Nthambi ya zanyengo imatulutsanso lipoti la zaulimi masiku 10 aliwonse m'nyengo ya dzinja. Funsani alangizi a m'dera lanu kuti azikuuzani zomwe lanena.

Pa nkhani ya tsiku lodzala, setilaiti ikhoza kukuuzani kuti chinyontho chochokera ku Congo chayamba kulowa, koma siingasiyanitse chizimalupsa ndi mvula yodzalira m'munda mwanu. Muyezo umene akatswiri amagwiritsa ntchito kawirikawiri ndi mvula ya mamilimita pafupifupi 25 m'masiku atatu, yosatsatidwa ndi ng'amba yaitali. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mbali zonse, kapena migolo 50 ya malita 200 pa hekitala. Choncho mamilimita 25 ndi ndowa imodzi ya malita 20 ndi kachigawo pa mita iliyonse. Mvula ikagwa, kumbani pamzere ndi khasu. Ngati chinyontho changonyowetsa pamwamba koma pansi pali fumbi, mbewu idzamera n'kupserera, ndipo mudzagulanso ina.

Gulu lililonse la alimi likhale ndi choyezera mvula chake. Chiikeni pamtetete, kutali ndi mitengo ndi denga, pamtengo wowongoka pomwe ana ndi mbuzi sizingachigwetse. Werengani 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, nthawi yomwe a zanyengo amawerengera, lembani m'kope, kenaka tayani madziwo. Tsiku lomwe sikunagwe mvula lembani 0, musasiye mpata. Kope lotere likakwana zaka zingapo limakuuzani nthawi yomwe mvula imayamba kwanuko ndi sabata zomwe ng'amba imakonda kubwera. Ndi umboninso mukamakambirana ndi a inshulansi. Ndipo popeza mvula ya setilaiti imayerekezedwa pofananitsa ndi zoyezera zapansi, miyezo yosamalidwa bwino ya ku Machinjiri, Chigumula kapena Mpemba ndi yamtengo wapatali. Aonetseni alangizi kope lanu pakutha pa mwezi uliwonse.